Funsani Malume: kuzizira kwa ku Johannesburg, mbaula ndi matalala

Makalata a mwezi uno pafupifupi onse ndi a nyengo, ndiye ndasankhapo asanu. Amene munafunsa za mapepala ndi za lendi dikirani mwezi wamawa.

*Malume, ndabwera kuno mu Febuluwale kuchokera ku Salima, ndikukhala ndi achimwene anga. Anthu akumandiopseza kuti Juni ndi Julaye ndiona zakuda koma ine ndikayang'ana kumwamba kuli mbee, dzuwa tsiku lonse, mtambo olo umodzi, foni nayo ikumangolemba 17 ndi kadzuwa pambali. Akungofuna kundiseka kuti ndine mlendo kapena? Nanga munthu amadziwa bwanji kuti mawa kuzizira? — Mnyamata wa ku Salima, Diepsloot*

Mphwanga, sakukunamiza ayi, iweyo ndi amene ukuyang'ana nambala yolakwika. Pa foni pamakhala manambala awiri, 17 ukunenayo ndi ya masana cha m'ma 2 koloko pamene uli kale pa ganyu thukuta lili kamukamu. Nambala yako ndi inayo, yaing'onoyo, chifukwa ndi imene udzakumane nayo 5 koloko m'mawa uli pa mzere wa takisi. Mu Juni ndi Julaye imakonda kukhala cha m'ma 4, masiku ena 0 kapena kutsikirapo, ndipo ngati mkhukhu wanu, kanyumba ka malata kaja, uli kumunsi kufupi ndi mtsinje chotsaponso pang'ono pa nambala imene foni yalembayo chifukwa mpweya wozizira umatsetserekera kuchigwa usiku. Ndi chifukwa chake anthu a m'mbali mwa mtsinje wa Jukskei amadzuka udzu uli woyera pamene anzawo a pamtunda sanaone kanthu.

Kwathu kuzizira kumayamba kwaodira. Ku Thyolo ndi ku Mulanje chiperoni chikamabwera umaona mitambo ndi kamvula kowaza, kwanu ku Salima mumadziwira mwera panyanja. Kuno usiku woopsa ndi umene kumwamba kuli nyenyezi zokhazokha, mphepo kulibe, chifukwa popanda mitambo kutentha konse kwa masana kumathawira m'mwamba. Komanso tili pamwamba, Johannesburg ili pa mamita pafupifupi 1,750, kuposa ngakhale pa boma la Dedza, pamene iwe wakulira pa mamita 500 okha. Thupi lako lidzadabwa chaka choyambachi, usachite nalo manyazi.

Ine ndimatsatira Cape Town. Kumeneko mvula yawo imagwa nyengo yozizira, ndiye ukamva pa nkhani kuti cold front, chimpweya chozizira chochokera kunyanja, yafika ku Cape ndi chimvula ndi mphepo, werenga tsiku limodzi kapena awiri, ikubwera kwa ife. Mvulayo nthawi zambiri imathera m'njira, chimene chimatipeza ndi mphepo ya kummwera yoti ikadutsa pa mapiri a Lesotho ndi Drakensberg pali sinowo imalowa mpaka m'mafupa. Ndipo tsiku loti mphepo yaleka usasangalale, m'mawa wotsatirawo ndi umene chisanu chimagwa kwenikweni.

Machenjezo enieni amachokera ku South African Weather Service, ali pa Facebook ndi pa X, komanso ndi omwewo amene amawerengedwa pa wailesi ndi pa TV nkhani zikatha. Amaika mtundu ndi nambala: yachikasu kuyambira 1 mpaka 4, ya olenji 5 mpaka 9, yofiira ndi 10. Yachikasu konzeka, ya olenji ganiza kawiri za ulendo wako. Koma mavoisi noti a pa gulu la WhatsApp aja oti "mawa kugwa chisanu choti sichinagwepo, tumizirani anthu 20", yamba wayang'ana deti, ena mwa iwo akhala akuzungulira zaka ndi zaka. Pa zovala usawononge ndalama pa chijekete chimodzi chachikulu, vala zingapo zosanjikiza, vesiti, malaya, juzi, kajekete kotchinga mphepo, chipewa chofika m'makutu, kuti ikamakwana 11 uzivula chimodzichimodzi nkuika mchikwama.

*Malume zikomo, ine ndi mayi wa ana awiri, wamng'ono ali ndi miyezi 8. Magetsi kuno amakonda kuthima madzulo nthawi yozizira ino ndiye bambo a kunyumba amakoleza mbaula panja, utsi ukatha makala ali psuu amalowetsa mnyumba tigone nayo. Ine ndimaopa koma iwo akuti utsi ukatha palibenso vuto, kumudzi takula tikugona ndi moto. Masiku ena ndimadzuka mutu ukuwawa kwambiri ndi mseru. Ndani akulondola? — Mayi wa ana awiri, Ivory Park*

Mayi, mukulondola ndinu, ndipo kalata yanuyi yandiopsa. Mutu ndi mseru mukunenawo si malungo, si chimfine, ndi mbaulayo yayamba kale kukugwirani. Usiku uno isagonenso mnyumba.

Abambowo awerengereni bwinobwino apa, osati mokangana. Utsi umene maso amaona si umene umapha. Makala akamanyeka, olo ali ofiira bwino opanda kautsi, amatulutsa mpweya wotchedwa carbon monoxide, ulibe fungo, ulibe mtundu, sutsokomoletsa, sulowa m'maso. Ukalowa m'magazi umakakamira pamalo pamene pamayenera kukhala mpweya wabwino, ndipo umagwira mwamphamvu kuposa mpweya wabwinowo ka 200 ndi kupitirira. Munthu amayamba ndi mutu, chizungulire, kufooka, kenako tulo tokoma, ndipo choipa chake nchakuti amene wazindikira kuti zinthu sizili bwino miyendo imakhala itamukana kale, chitseko chili pompo koma osachifika. Khanda la miyezi 8 limapuma mofulumira kuposa ife ndiye limayamba kugonja ndi ilo.

Zoti kumudzi timagona ndi moto nzoona, koma taganizirani nyumba yake. Denga la udzu limapuma, pakati pa khoma ndi denga pali mpata, chitseko nacho sichitseka mpaka pansi. Mkhukhu wa kuno ndi malata, ndipo Meyi akangofika tonse timatenga mapulasitiki, makatoni ndi nsanza nkutseka kabowo kalikonse kuti mphepo isalowe, ndiye mpweya uja utulukira pati? Nyengo yozizira iliyonse a zadzidzidzi a mzinda uno amachenjeza za mbaula chifukwa amatola mitembo ya banja lonse, anthu atagona bwinobwino m'mabulangeti mwawo. Jenereta nayonso chimodzimodzi, isalire mkati kapena pafupi ndi zenera. Hita ya palafini kapena ya gasi muziyatsa muli maso, zenera lili lotsekula pang'ono, ndipo izithima musanagone.

Nanga ana afunda chani, mudzandifunsa. Mbaulayo igwiritseni ntchito panja pomwepo: wiritsani madzi, thirani mu botolo la labala lija logona nalo, amagulitsa m'mashopu ambiri motchipa, likulungeni ndi thaulo nkuliika pa bedi kuti pafunde, mwana akamagona mulichotse kumbali kwake. Matiresi asakhale pa simenti penipeni, ikani mapaleti kapena makatoni angapo pansi chifukwa kuzizira kwambiri kumachokera pansi. Makatoni a m'makoma ndi abwino ndithu bola akhale kutali ndi kandulo ndi sitovu. Wamkuluyo chipewa ndi sokosi pogona. Khandalo livale zosanjikiza koma nkhope isaphimbidwe ndi bulangeti. Magetsi akakhalapo, bulangeti la magetsi limadya pang'ono kwambiri poyerekeza ndi hita ya mawati 2,000 imene imameza mayuniti awiri pa ola limodzi, ndipo hita, ketulo ndi sitovu zisakhale pa adaputa imodzi, moto wambiri wa m'mikhukhu umayambira pa waya wotentha kapena kandulo yoiwalika.

Mukadzapeza munthu wakomoka m'nyumba muli mbaula, tsekulani chitseko ndi mawindo, mtulutseni panja, imbani 112 pa foni ya m'manja, imalowa olo mulibe eyataimu, kapena 10177 ya ambulansi. Asakuuzeni kuti mpatseni mkaka agone, apite kuchipatala olo atatsitsimuka. Poti tanena za palafini, musamusunge mu botolo la zakumwa, ana amamwa. Zikachitika osamusanzitsa mwanayo, osamupatsa mkaka, thamangani naye ku kiliniki. Ndipo wina akapsa ndi madzi ozizira a pampopi kwa mphindi 20 basi, za mankhwala otsukira mano ndi mazira zija zisiyeni.

*Malume ndimagwira m'gadeni, maluwa ena a abwana ada bii ngati apsa ndi moto ndipo akuti ndine sindithirira. Nditani? — Achimwene a m'gadeni, Randburg*

Chimenecho ndi chisanu achimwene, si ludzu. Mukaona nambala ya usiku yafika 3 kapena kutsika, phimbani madzulo dzuwa lisanalowe ndi kansalu koyera kaja ka ku nazale, masaka kapena mabedishiti akale, osati pulasitiki yokhudza masamba, m'mawa nkuvundukula. Kuthirira kukhale kwa m'mawa dzuwa litakwera. Masamba akudawo musadule pano olo akunyansa, akuteteza a mkati, mudzadula mu Seputembala. Abwanawo aonetseni foni, nambala sakangana nayo.

*Malume ndapeza ntchito yoperekera zakudya pa njinga yamoto. Kuzizira ndikupirira ndi magulovesi koma anzanga akuti dikira uone mvula ya kuno. Ndimayesa mphepo zamkuntho zimabwera nthawi yozizira ino? — Wa njinga, Rosettenville*

Ayi mphwanga, nyengo yozizira kuno ndi youma, vuto lako pano ndi zala kuuma m'mawa ndi utsi wa moto wa tchire m'mbali mwa misewu, kenako Ogasiti ndi chimphepo chake chonyamula fumbi la m'milu ya migodi ija. Mvula ya ukali imayamba cha mu Okutobala mpaka Malichi, ndipo khalidwe lake ndi lomwelomwe: m'mawa kuli bwino, masana kutentha, cha m'ma 3 kapena 4 koloko mitambo yaunjikana yakuda, mphepo yozizira yayamba mwadzidzidzi, pasanathe mphindi zochepa zayambika. Ndi nthawi yomweyo imene maoda amachuluka chifukwa aliyense safuna kutuluka, ndiye apa mpamene dyera limapweteketsa anyamata.

Matalala a kuno si timiyala ta kwathu timene ana amatola nkumadya. Pa 13 Novembala 2023 anagwa mbali za Midrand ndi madera ena a mzinda uno mpaka kuswa magalasi a magalimoto, misewu kuyera ngati kwagwa sinowo. Zikakupeza lowa pa filling station kapena pansi pa denga la shopu, osati pansi pa mtengo. Mphenzi ikang'anima werenga mpaka bingu limveke, masekondi atatu ndi kilomita imodzi, ukalephera kufika 30 ndiye kuti ili pafupi moti nkukupeza. Ika pa foni app yoonetsa radar ya mvula, umaona chigulu cha mvulacho chikuyenda pa mapu ndiye umadziwa ngati chikulunjika kumene ukupita. Nthawi zambiri sichikhalitsa, theka la ola kapena ola chadutsa, kasitomala adikire.

Madzi oyenda pamsewu usawayese. Mu Novembala 2016 madzi anakokolola magalimoto pa msewu waukulu wa N3 cha ku mphambano ya Gillooly's, ndipo mu Disembala 2022 anthu oposa 10 amene anali pa mapemphero mu Jukskei anatengedwa ndi madzi obwera mwadzidzidzi. Mtsinje umenewu umadzaza ndi mvula yogwa kwina, iwe uli poti sikunadonthe nkomwe. Galimoto ikutengedwa, nanji kanjinga kako ndi bokosi kumbuyo.

*Malume kodi sinowo imagwadi kuno? Komanso mwezi wamawa ndikupita ku Durban kukatenga katundu, pali choopa? — Mlongo wa bizinesi, Mayfair*

Imagwa mlongo koma mwa apo ndi apo. Inagwa pa 10 Julaye 2023 anthu nkutuluka m'maofesi kukajambulitsa, isanagwe imeneyo inali ya mu Ogasiti 2012, ndipo achikulire a kuno amakambabe ya mu Seputembala 1981. Mtauni muno imasungunuka msanga. Choopa chili pa msewu wanuwo. N3 imakwera pa Van Reenen's Pass kupitirira Harrismith, ndipo mu Seputembala 2024, anthu atasunga kale majekete poganiza kuti kuzizira kwatha, sinowo inatseka msewu umenewu magalimoto nkugona pomwepo usiku wonse, mayi wina amene anali mu takisi anamwalira nako kuzizirako. Musanagule tikiti onani chenjezo la zigawo za KwaZulu-Natal ndi Free State zimene mudutsemo, osati la chigawo chathu chino cha Gauteng lokha, ndipo mukaona olenji sinthani tsiku. Mu basi bulangeti, madzi, kachakudya ndi power bank zikhale pamiyendo panu, osati mu buti pansi pa katundu wa anthu.