Mwanayo azakhali ake ndani kumeneko?

Mdzukulu wanga wa ku England wafunsa ngati angachotse mwana wake wamkazi wa zaka 10 m'kalasi aphunzitsi akayamba nkhani za kugonana.

Mphamvu uli nayo mdzukulu wanga, koma ndi yochepa. Kuyambira mu Seputembala 2020, ukalembera kalata mphunzitsi wamkulu wa kupulayimale, sangakane kumuchotsa pa phunziro la zogonana. Koma pa phunziro la za maubale, la sayansi ndi la zaumoyo, momwe muli za kutha msinkhu ndi msambo, akhalamo basi. Kusekondale amayamba akuitana kuti mukambirane, ndipo pakatsala matemu atatu kuti mwana akwanitse zaka 16, amasankha yekha. Sukulu iliyonse ili ndi ndondomeko yolembedwa ya phunziroli. Ipemphe, uonenso mabuku ake usanakwiye.

Chimene sunandifunse n'chakuti ukamuchotsa m'kalasimo, amulangiza ndani?

Kumudzi mayi samalangiza mwana wobereka yekha. Mtsikana akaona magazi amathamangira kwa azakhali kapena agogo, iwo n'kukauza mayi ake kuti mwana wakula. Mayi amangokonza ufa ndi nkhuku, anankungwi n'kulowa naye m'nyumba mpaka msambo utatha. Mmenemo ndimo amamva za kavalidwe ka nsalu, kuichapa ndi kuiyanika posaonekera, kusathira mchere m'ndiwo, kusalowanso kuchipinda kwa makolo, kugwada popereka madzi kwa akulu. Amatuluka atametedwa, ali ndi munthu woti akamuuze za mnyamata popanda kukalipiridwa. Zoipa zinalipo ndithu. Za fisi ndi kusasa fumbi zija zidapha ana athu, zisabwererenso. Koma inu a masiku ano mwataya ndi azakhali omwe, mwana mwamusiyira foni.

Usadandaule, sunachedwe. Ana ena amakula ali ndi zaka 9 kapena 10, ndiye usadikire kuti aone kaye. Sankha mayi mmodzi wosunga chinsinsi, kaya mlangizi wa kumpingo kwanu kumeneko kaya mlongo wa bambo ake. Akhale amene mwanayo amaseka naye kale, chifukwa kwa mlendo amangoti inde inde maso ali pansi. Umupatse mabuku akusukulu aja awerenge kaye. Mlangizi akanena kuti kungogwirana chanza ndi mnyamata kumapereka mimba, mwana wophunzira sayansi amadziwa kuti ndi bodza, ndipo zoona zomwe sazikhulupiriranso.

Azikumana kawirikawiri, iwe palibe, ndipo usamafunse zomwe akambirana pokhapokha ngati pali womuchita zachipongwe. Ngati azakhali ali kuno, WhatsApp ilipo, koma kabudula wapadera ndi mapadi awiri m'chikwama chake cha kusukulu uike ndiwe sabata ino.