Mwana wanga akuti adzadyera kugwa

Mayi wina wandilembera motere: "Mnyamata wanga ali Folomu 3. Akaweruka amangoonera Charlie Chaplin pa foni, kenako n'kumadzijambula akugwa pa mpando, osayankhula kanthu. Akuti ndiyo ntchito yake ya mtsogolo. Kodi kugwa amachita kuphunzira?"

Amachita kuphunzira, mayi, ndipo sukulu yake ndi yowawa. Foniyo musamulande msanga, koma mumuuze za Buster Keaton. Ameneyu anabadwa mu 1895 ku America, makolo ake ali anthu a zisudzo, ndipo ali kamwana bambo ake ankamuponya pa siteji ngati thumba la chimanga anthu n'kumaseka. N'komwe anaphunzirira kutera pansi osavulala. Mu filimu ya Steamboat Bill, Jr. ya 1928, khoma lonse lakumaso kwa nyumba likumugwera ataima chilili, iye osaphethira, n'kupulumuka chifukwa thupi lake lalowa pa windo lotsegula. Khomalo linali lenileni, lolemera. Poimapo anachita kuyeza, pakuti kusuntha pang'ono chabe akanafera pomwepo. Ngakhale katswiri wotereyu anathyoka fupa la m'khosi pojambula Sherlock Jr. mu 1924, madzi a m'thanki ya sitima atamumenyetsa pa njanji, ndipo anadzazindikira patapita zaka dokotala atamuunika.

Chaplin amene mwana wanuyo amamukonda anakulira mu umphawi ku London, naphunzira ntchito m'gulu la zisudzo la Fred Karno asanayambe mafilimu mu 1914. Mu filimu yake ya City Lights ya 1931, kachigawo kamene akukumana ndi mtsikana wosaona wogulitsa maluwa anakajambula maulendo 342. Mnyamata wanu amabwereza kangati asanaike pa TikTok?

Ambiri amaganiza kuti choseketsa ndi kugwako. Ayi, n'kudikira. Mafilimu atayamba kuyankhula cha m'ma 1927, akatswiri a nthabwala Stan Laurel ndi Oliver Hardy sanataye luso la thupi. Mu The Music Box ya 1932 akukweza piyano pa masitepe ataliatali, iyo n'kumabwerera pansi. Woonera amadziwiratu kuti itsetsereka, koma amaseka nkhope ya Hardy akuyang'ana kamera mwakachetechete, ngati akutifunsa kuti analakwanji. Kwathu kuno tinazolowera nthabwala za pakamwa, monga za Izeki ndi Jakobo, choncho wodziwa kuseketsa ndi thupi lokha ali ndi pake polowera, komanso kanema wopanda mawu amamveka ngakhale kwa amene sadziwa Chichewa.

Ndalama zake n'zosadalirika, zimenezo ndisakubisireni. MSCE alembe ndithu, alimbikire Chingerezi, alowe kalabu ya zisudzo pasukulu pake. Akakhoza bwino, ku University of Malawi ku Zomba amaphunzitsa zisudzo. Aphunzirenso kujambula ndi kulumikiza makanema, chifukwa lusoli n'lomwe lingamupezere ganyu ya zotsatsa malonda pamene dzina lisanatchuke. Zogwazo aziyeserera pa matiresi, osati pa simenti, ndipo za padenga asayerekeze.

Sabata ino mumupatse ndowa, tsache ndi chitseko. Apange kanema wa mphindi imodzi, wopanda mawu ndi nyimbo, kamera ili malo amodzi ndipo thupi lonse likuoneka. Akatha akaonetse agogo ake, inu muziyang'ana nkhope ya agogowo.