Kutchuka kwa Socrates, munthu amene sanalembe buku

Achimwene, mwafunsa kuti zinatheka bwanji Socrates, munthu wanzeru zakuya wa ku Greece wakale, kutchuka dziko lonse chonsecho sanalembe buku ngakhale limodzi. N'zoona, sanasiye ngakhale kakalata. Komatu ali moyo anali wodziwika kale mumzinda wakwawo wa Athens, kungoti ambiri ankamudziwa ngati mdala wovuta. Ankayenda wopanda nsapato, chovala chomwechomwecho kaya kukutentha kaya kukuzizira, mphuno yophwatalala, maso otong'oka. Ntchito yake inali kuimitsa akuluakulu pamsika n'kuwafunsa kuti chilungamo n'chiyani. Munthu akayankha, iye funso lina, akayankhanso, linanso, mpaka bwana uja kusowa chonena, achinyamata ali pambali akufa nalo phwete. Mu 423 BC, wolemba masewero Aristophanes anachita kumuika m'sewero lake lanthabwala la Mitambo, atamulendewetsa m'dengu ngati wopenga wofufuza zam'mlengalenga.

Kwa ine, chimene chinakweza dzina lake ndi imfa yake. Mu 399 BC, ali ndi zaka pafupifupi 70, Meletus, Anytus ndi Lycon anamusumira kuti salemekeza milungu ya mzindawo ndiponso akusocheretsa achinyamata. Pansi pake panali mkwiyo wina: Critias, mmodzi wa olamulira ankhanza 30 amene anazunza Athens mu 404 BC, ankacheza naye kale, chimodzimodzinso Alcibiades amene anathawira kwa adani ku Sparta. Oweruza pafupifupi 500 anamupeza wolakwa n'kugamula kuti aphedwe pomwa poizoni. Mnzake wachuma, Crito, anakonza zoti amuzembetse m'ndende, iye anakana kwamtuwagalu. Anamwa yekha poizoni m'chikho, anzake akulira, iye n'kumawadzudzula kuti atonthole. Mawu ake omaliza anali okumbutsa Crito kuti ali ndi ngongole ya tambala kwa mulungu wa machiritso, Asclepius, asaiwale kulipira. Tangoganizani, munthu miyendo yazizira kale koma akuwerengera tambala!

Ndiye panali Plato, wophunzira wake wodziwa kulemba. Anathera moyo wake akulemba makambirano amene wolankhula wamkulu m'ambiri mwa iwo ndi Socrates, ndipo cha m'ma 387 BC anatsegula sukulu ya Academy. Aristotle, wophunzira wa Plato, anakhala pamenepo zaka 20, kenako anakaphunzitsa Alexander wa ku Macedonia, amene anadzakhala mfumu yogonjetsa mayiko ambiri. Dzina la mdala uja linangoyenda nawo. Xenophon, wophunzira wina wa Socrates, nayenso analemba za iye, koma Socrates wake ndi wofatsa, wa malangizo wamba. Bwenzi titamuiwala akanakhala kuti analemba ndi yekhayo. Choncho mukamawerenga "Socrates anati", dziwani kuti nthawi zambiri cholembera chinali m'manja mwa Plato, amene pa tsiku la imfa lija kunalibe n'komwe, akuti ankadwala.

Amene mumakonda mpira, kaputeni wa Brazil mu 1982, dokotala wandevu uja, dzina lake loti Socrates analitenga kwa mdala yemweyu.