Akandifunsa kuti ndikufuna malipiro angati, ndiyankhe chiyani?

Funso: Ndinamaliza digiri ya akaunti chaka chatha, ndipo kampani ina ku Lilongwe yandiitana ku intaviyu sabata yamawa. Pa chilengezo cha ntchitoyo sanalembepo malipiro. Bambo anga akuti akandifunsa ndikangoti "chilichonse chimene mungandipatse", poti ntchito zikusowa. Kodi ndiwamvere?

Yankho: Bambo anu akuopa kuti mungataye mwayi, ndipo mantha awowo ngomveka. Koma apa musawamvere. Kampani ikamaitana anthu imakhala itaika kale ndalama ya mpandowo, poyambira ndi pothera. Mukati "chilichonse", mwawauza nokha kuti akuikeni pansi penipeni. Kuipa kwake n'kwakuti makampani ambiri amakweza malipiro ndi maperesenti, ndiye woyambira pansi amatsalira zaka zambiri. Chinanso, wa akaunti wolephera kutchula mtengo wa ntchito yake sapereka chithunzi chabwino.

Musanapite, khalani pansi ndi pepala. Lembani lendi ya kumene mungakhale, kaya ku Area 25 kapena ku Kawale, minibasi kupita ndi kubwerera kwa masiku 22, chakudya, magetsi, madzi, mayunitsi a foni, ndi kangachepe kotumiza kumudzi. Ngati munaphunzira ndi ngongole ya HESLGB, bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'mayunivesite, iikeninso, chifukwa kubweza kukukuyembekezani. Zimene zatulukazo ndiye malire anu. Pansi pa pamenepo mudzakhala mukugwirira ntchito katapila.

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Ndalama imene mwawerengerayo ndi yolowa m'thumba, pomwe abwana akatchula nambala amanena ndalama isanadulidwe. Pakati pake pali msonkho wa PAYE wopita ku MRA ndi penshoni, imene lamulo limati wogwira ntchito azipereka 5 peresenti, olemba ntchito 10 peresenti. Tiyerekeze K400,000, potengera mlingo wa msonkho umene unayamba mu April 2024: K150,000 yoyamba siidulidwa, K250,000 yotsalayo imadulidwa 25 peresenti, kutanthauza K62,500. Penshoni yatenga K20,000. Kubanki kukafika pafupifupi K317,500. Munthu amagwira chanza akusekerera "folo handiredi", n'kudzazizidwa mwezi ukatha. Milingoyi imasintha ndi bajeti ya boma, choncho onani ya panopa kwa MRA, muwerengere chobwerera m'mbuyo kuti mudziwe nambala yoti mukatchule.

Za mtengo wa pamsika, funsani anzanu awiri kapena atatu amene anayamba ntchito yofanana posachedwa. Nambala zakale n'zosocheretsa: kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Zimene achimwene anu ankalandira mu 2021 si muyeso wa lero.

M'chipindamo musayambitse inuyo nkhani ya ndalama. Dikirani aifunse okha, ndipo kawirikawiri imabwera kumapeto. Ikabwera, yambani mwaibweza mwaulemu: "Zikomo bwana. Kodi mungandiuzeko mlingo umene mwaika pa udindo umenewu?" Ena amanena, ena amaseka n'kuti "ifetu tafunsa inu". Akatero musazembenso kachiwiri. Nenani kuti, "Malinga ndi ntchito imene mwafotokozayi komanso zimene ndafufuza, ndikuyembekezera pakati pa zakuti ndi zakuti, msonkho usanadulidwe, koma ndine wokonzeka kumva zonse zimene mumapereka." Nambala yam'munsiyo ikhale imene mungailandire osadandaula, poti ndi imene adzaigwire. Mpata wa pakati usatalike. Kuchoka pa K300,000 kukafika pa K900,000 n'chimodzimodzi kunena kuti simukudziwa. Mukatchula, khalani chete. Ambiri chete uja amawaopsa, n'kuyamba kudzitsitsa okha asanayankhidwe.

Musatchule mavuto a kunyumba ngati chifukwa. Fizi ya mng'ono wanu ikhale papepala lanu lija, koma kwa iwo tchulani zimene mumatha: kukonza ndondomeko ya malipiro, kugwiritsa ntchito mapulogalamu a pakompyuta a akaunti monga Sage kapena QuickBooks, miyezi imene munachita atachimenti, mapepala a mayeso a akaunti a ICAM kapena ACCA amene mwakhoza. Musanamenso za ndalama imene munkalandira kwina, chifukwa ena amapempha payslip, chikalata chosonyeza malipiro anu.

Ndalama ikachepa pang'ono, funsani zotsagana nayo. Kodi pali alawansi ya nyumba kapena thiransipoti? Amalipira inshuwalansi ya kuchipatala ya MASM, ndipo ndi ya inu nokha kapena ndi banja? Amathandiza fizi ya mayeso a akaunti? Kwa woyamba kumene, kampani yolipira mayeso nthawi zina imaposa ina yopereka K30,000 yoonjezera. Akati "tikukwezerani mukatha miyezi yoyeserera", funsani kuti miyezi ingati ndipo kufika pa zingati. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 silola kuti nthawi yoyesererayo ipitirire miyezi 12, ndipo limalamula kuti mupatsidwe mfundo za ntchito yanu molembedwa, malipiro ali momwemo. Lonjezo la pakamwa limachoka limodzi ndi bwana amene analinena.

Zonsezi n'za makampani ndi mabungwe omwe si a boma. M'boma malipiro amayendera giredi, ndipo wa digiri nthawi zambiri amayambira pa Grade I. Kumeneko kunenerera n'kutaya nthawi.

Akakupatsani ntchito, pemphani kalata ndi tsiku limodzi kapena awiri oti muiwerenge. Muone ngati nambala ili m'kalatamo ndi imene munagwirizana, ndiponso ngati maalawansi awalemba paokha kapena awaphatikiza mu nambala yomweyo.