Ndinasiya kubera pa sikelo, nanga madalitso a pa Deuteronomo 28 ali kuti?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wochita geni ya mbewu. Amalowa m'midzi kukagula nyemba, soya ndi mtedza kwa alimi, n'kudzagulitsa m'tauni. Anandilola kuti ndiwayankhe poyera, bola dzina lawo lisatuluke. Kalata yawo inali yaitali, koma pamene panagona nkhani ndi apa:

"Chibatizidwireni zaka 6 zapitazo ndinasiya kuseweretsa sikelo. Chakhumi ndimapereka, katapila sindichita. Koma mpamba wanga ukungotsika, pamene anzanga ofinya sikelo ena agula mpaka galimoto. Lamulungu lapitali kutchalitchi anawerenga Deuteronomo 28, kuti womvera adzakhala mutu osati mchira. Ndinabwerako ndikulira. Kodi ndili ndi tchimo lobisika limene sindikuliona? Kapena kumvera Mulungu kulibe phindu?"

Mayi, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani yolemera chonchi. Funso lanu loyamba ndiliyankha mosazungulira: kutsika kwa mpamba si umboni woti muli ndi tchimo lobisika. Anzake atatu a Yobu anatha masiku akumuumiriza kuti aulule choipa chimene sanachite, ndipo pomaliza Mulungu anapsera mtima iwowo chifukwa sananene zoona za Iye (Yobu 42:7). Ophunzira a Yesu ataona munthu wobadwa wosaona anafunsa kuti anachimwa ndani, iyeyo kapena makolo ake, Yesu n'kukana zonse ziwiri (Yohane 9:1-3). Pa Luka 13:4 anatchula anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, n'kunena kuti sanali ochimwa kuposa anzawo a mu Yerusalemu. Ifenso tinaziona mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche. Matope amene anakokolola nyumba ku Chilobwe sanadumphe makomo a anthu opemphera. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo aliyense amene mpamba wake unali m'makwacha anadzuka ndalama zake zikugula matumba ochepa kuposa dzulo lake. Chaka chotsatira kunabwera ng'amba. Zaka zimene mwakhala mukumvera ndi zomwezi, ndiye musasenze nokha mlandu wa zinthu zimene zinagwera dziko lonse.

Tsopano titsegule Deuteronomo 28 yemweyo, chifukwa sindikufuna muyambe kuwopa mutu umenewu. Uli ndi mavesi 68. Oyambirira 14 ndi a madalitso, otsalawo 54 ndi a matemberero. Mose anayankhula mawuwa m'dziko la Mowabu, kutsidya kwa Yordano, kwa mtundu wonse wa Israyeli umene unali pafupi kulowa m'Kanani. Mukawerenga mofatsa muona kuti zimene akulonjeza ndi za dziko: mvula pa nyengo yake, adani obwera njira imodzi n'kuthawa njira zisanu ndi ziwiri, kukongoza mitundu ina osakongola kwa iyo. Vesi la mutu ndi mchira lija, la 13, likubwera pambuyo penipeni pa nkhani yokongoza mitunduyi. Mutu ndi Israyeli pakati pa mafuko ena. Atawoloka Yordano, mafuko 6 anaima cha ku phiri la Gerizimu, ena 6 cha ku phiri la Ebala, ndipo Yoswa anawawerengera onse pamodzi madalitso ndi matemberero, akazi, ana ndi alendo ali pomwepo (Yoswa 8:30-35). Linali pangano la khamu.

N'chifukwa chake munthu womvera ankatha kuvutika mkati mwa mtundu wosamvera. Yeremiya anamvera moyo wake wonse, koma anaponyedwa m'chitsime cha matope, ndipo anaona ndi maso ake Yerusalemu akugwa. Danieli anatengedwa ukapolo kupita ku Babulo ali mnyamata wosafuna n'kudzidetsa komwe ndi chakudya cha mfumu. Palibe amene anganene kuti awiriwa anali mchira chifukwa cha tchimo lobisika. Ankamvera pakati pa anthu amene anasiya kumvera, ndipo zowawa za kusamvera kwa ambiri zinawakhudza nawo.

Apa ndikuuzeni za kwathu. Ine ndinakulira ku Mchinji, m'banja la alimi. Chaka china, ndili mu Sitandade 7, ndinaperekeza bambo anga kukagulitsa soya, matumba 6 pa ngolo yobwereka. Matumba ngati omwewo, odzaza chimodzimodzi, ankakwana makilogalamu 50 kwina. Tsiku limenelo sikelo ya wogula inkaima pa 43. Bambo anayang'ana sikeloyo, n'kuyang'ana ine, osanena kanthu, chifukwa kunyumba kunkafunika ndalama ya chigayo ndi ya mankhwala a mchemwali wanga, ndipo kubwerera ndi ngolo kukanafuna ndalama inanso. Makilogalamu 7 pa thumba, matumba 6, ndi makilogalamu 42. Pafupifupi thumba lathunthu linatsala m'manja mwa munthu amene sanagwireko khasu m'munda mwathu. Pobwerera bambo sanayankhule njira yonse.

Mayi, mukakoleka thumba pa sikelo yanu n'kuwerenga 50 pamene palidi 50, mumabwezera thumba limenelo kwa bambo wina ngati anga aja. Mwachita zimenezi zaka 6. Tangoyesani kuwerengetsa alimi amene mwawagula mbewu m'zaka zimenezi, ndi makilogalamu amene akanatsala kwa inu mukanakhala kuti mukufinya. Mwa iwo muli amene analipira fizi, amene anaonjezera thumba la feteleza, amene anapeza ya basi yopititsira mwana kuchipatala. Mwandifunsa kuti madalitso a kumvera kwanu ali kuti. Ambiri ali m'nyumba zimenezo. Ine ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti umu ndi mmene chilamulo chinapangidwira: dalitso la womvera kawirikawiri limayamba latera pakhomo la mnzake.

Onani malamulo enawo. Mwini munda ankauzidwa kuti asakolole mpaka m'mphepete, asiye zoti aumphawi ndi alendo akunkhe (Levitiko 19:9-10). Nkhokwe yake inkachepako, koma Rute ndi apongozi ake a Naomi anadya chifukwa Boazi anamvera. Wolemba ganyu ankayenera kulipira tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe (Deuteronomo 24:14-15), ndipo amene ankagona atadya ndi waganyuyo. Za miyeso nazo zilipo: usakhale ndi miyala iwiri yoyezera m'thumba mwako, waukulu ndi waung'ono (Deuteronomo 25:13-16), ndipo lonjezo lake ndi loti masiku anu achuluke m'dziko. Dziko limene aliyense amayeza moona, mlimi amalima ndi mphamvu podziwa kuti thukuta lake silibedwa, wogula amakhulupirira wogulitsa, ndipo nkhokwe zimadzaza ndithu monga mmene mutu 28 ukunenera. Dziko limene ambiri amafinya, woyeza moona amapikisana ndi anthu amene akupeza makilogalamu aulere pa thumba lililonse. Inu muli m'msika wotere. Mneneri Amosi ankaudziwa bwino msika umenewu: anadzudzula amalonda amene ankangofuna Sabata lithe msanga kuti achepetse muyeso, akweze mtengo, anyenge ndi masikelo, n'kugulitsa ndi mungu womwe wa tirigu (Amosi 8:4-6). Anthu amenewo ankalemera. Amosi sanaone chuma chawo ngati chizindikiro choti Mulungu wakondwa nawo.

Za galimoto za anzanuzo, werengani Salimo 73 mpaka kumapeto. Asafu, mtsogoleri wa oimba m'nyumba ya Mulungu, ananena zimene mwanena inuzi, kuti anasunga mtima wake woyera pachabe pamene oipa akunenepa. Ndimakonda kuti Mulungu analola dandaulo limeneli kulowa m'nyimbo za anthu ake. Kulira kwanu kwa Lamulungu lija kuli ndi malo ake m'Baibulo.

Kodi ndiye inuyo panokha simupezapo kanthu? Mumapeza, ndipo sindikufuna kuchepetsa zimenezi. Yakobo 1:25 akuti wopenyerera m'lamulo langwiro la ufulu n'kulichita adzakhala wodala m'kuchita kwakeko. Dalitso lili mkati mwa kuchitako. Mumagona osaopa kuti wina abwera ndi sikelo yake kudzakuyalutsani pagulu. Mukafika pamudzi simusowa poyang'ana. Ana anu akukula akuona mayi amene mawu ake ndi sikelo yake zimagwirizana, ndipo maphunziro amenewo sagulidwa ku sukulu iliyonse. Buku la Miyambo limati mbiri yabwino iposa chuma chambiri (22:1), ndipo nthawi zambiri, ngakhale si nthawi zonse, mbiri yotere imadzabweretsa ndi makasitomala omwe. Koma chachikulu ndi chimene Yesu analonjeza pa Yohane 14:21-23, kuti wosunga mawu ake, Iye ndi Atate adzabwera n'kumanga malo okhala mwa munthuyo. Petro atanena kuti ife tasiya zonse, Yesu analonjeza nyumba, abale ndi minda zochuluka nthawi ino, koma anaonjezera mawu amene alaliki ambiri amawalumpha: pamodzi ndi mazunzo (Marko 10:29-30).

Pali chinthu chimodzi m'kalata yanu chimene chandikhudza, ndipo ndichinena mwachikondi. Mwaika kumvera kwanu mbali imodzi ya sikelo, n'kuyembekeza kuti Mulungu aike ndalama mbali inayo. Ambiri a ife tinaphunzitsidwa choncho, ndiye sindikukudzudzulani. Koma taonani mmene Malamulo Khumi amayambira. Lamulo loyamba lisanatuluke, Mulungu akuti Iye ndiye amene anawatulutsa m'dziko la Aigupto, m'nyumba ya ukapolo (Eksodo 20:2). Anawaombola kaye, malamulo n'kubwera pambuyo. Israyeli sanawoloke Nyanja Yofiira chifukwa chokhoza mayeso. Amene analemba Katekisimu wa Heidelberg, buku la mafunso ndi mayankho ophunzitsira chikhulupiriro, mu 1563 anaiona bwino mfundoyi: anagawa chiphunzitso patatu, kuipa kwathu, chiombolo chathu, ndi kuthokoza kwathu, ndipo Malamulo Khumi anawafotokoza m'gawo lachitatulo. Kumvera ndi zikomo wa munthu amene walandira kale. Funso limene Satana anafunsa za Yobu linali lakuti kodi amaopa Mulungu pachabe (Yobu 1:9), kutanthauza kuti palibe munthu angakonde Mulungu popanda malipiro. Tsiku lililonse limene mwayeza moona mpamba uli wotsika, mwayankha funso limenelo.

Ndipo matemberero 54 aja asakusowetseni tulo. Yoswa anamanga guwa la nsembe pa Ebala, phiri la matemberero, osati pa Gerizimu. Pamene panali themberero ndi pamene panaikidwa nsembe. Paulo akumaliza nkhaniyi pa Agalatiya 3:13, kuti Khristu anatiombola ku themberero la chilamulo posanduka themberero m'malo mwathu. Munthu aliyense amene angakuuzeni kuti muli ndi themberero lofunika kulithyola ndi chopereka chapadera chimene ena amachitcha mbewu, musamupatse ngakhale tambala. Mwazi unalipira kale. Ngati pali tchimo lenileni, Mzimu Woyera amalitchula dzina lake kuti mulape, sakusiyani mukufufuza mumdima zaka ndi zaka.

Wina angafunse kuti nanga malamulo ake ndi ati, popeza za nsembe, mdulidwe ndi zakudya mipingo imasiyana maganizo, makamaka pa tsiku la Sabata. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Pa nkhani yanuyi palibe mpingo umene ungatsutse: usabe, usanamize mnzako, ndipo Paulo akuti zonsezi zimamangidwa m'mawu amodzi, okonda mnzako monga udzikonda wekha (Aroma 13:8-10).

Zatsala za geniyo. Kumvera sikuchotsa masamu, ndipo kukhala ndi kope si kusowa chikhulupiriro. Kwa mwezi umodzi lembani chilichonse: mtengo wogulira, thiransipoti, onyamula, chiphaso cha mumsika, matumba, mbewu zimene zafumbwa kapena zauma n'kupepuka, ndi ndalama zimene mumatapa pa mpamba kugulira ndiwo zapakhomo. Anthu ambiri a geni amene ndacheza nawo amadabwa akaona kuti chibowo chachikulu chili pomalizapa. Chilungamo chanucho musachibisenso. Ikani sikelo moyang'ana mlimi kuti awerenge yekha, yendani ndi paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi yosatsegula kuti wokayika aiyeze kaye, ndipo uzani amfumu kapena akomiti ya kalabu ya alimi kuti aliyense ali ndi ufulu woyesa sikelo yanu. Alimi amauzana. Ngati pali mayi wina woyeza moona, gwirizanani kubwereka galimoto imodzi, mugawane mtengo wake.

Kutchalitchi nakonso musakhale chete. Chilamulo chomwecho chimati mbale wako akasauka usafumbate dzanja lako, umukongoze zimene akusowa (Deuteronomo 15:7-8). Lamulo limenelo lili pa mapewa a anthu amene mumakhala nawo pa benchi imodzi, ndipo dalitso lake likuyenera kutera pakhomo panu monga lanu lakhala likutera pa makomo a alimi. Pitani kwa abusa kapena kwa amayi achigwirizano amene mumawakhulupirira, muwauze zonse monga mwandiuzira ine, ndi kopelo m'manja. Muwapemphenso abusa kuti tsiku lina adzalalikire Deuteronomo 28 pamodzi ndi Salimo 73, chifukwa sindikukayika kuti Lamulungu lija simunali nokha amene munatuluka ndi misozi. Ukatha mweziwo mudzandilemberenso, mundiuze zimene kope laonetsa, tidzaone limodzi pamene pakudontha.