Ndigule galimoto ya hybrid pa bizinesi yanga yophika zakudya?

Funso: Ndine mayi wa ku Lilongwe ndipo ndimaphika zakudya zomwe ndimakapereka m'maofesi a ku City Centre ndi ku Kanengo. Pa mwezi ndimayenda makilomita pafupifupi 1,500, ambiri m'tauni momwemu, koma kawiri pa mwezi ndimapita kwathu ku Ntchisi kukagula nyemba ndi mbatatesi. Galimoto yanga yakalamba ndipo ikumwa mafuta mopweteka. Ndikufuna kuitanitsa Honda Vezel kapena Toyota C-HR ya hybrid kuchokera ku Japan, koma bambo a kunyumba akuti batire lake likadzafa ndidzalira. Kodi ndigule?

Yankho: Mayi, mayendedwe amene mwafotokozawa ndi amene galimoto ya hybrid imawakonda, choncho ganizo lanu ndi labwino. Bambo nawonso sakunama, kungoti nkhani ya batire ndi yowerengera ndi cholembera, osati yongoopa.

Galimoto zimenezi zili ndi injini ya petulo pamodzi ndi mota ya magetsi, ndipo simuzilumikiza ku magetsi a ESCOM ayi, chifukwa batire limadzaza lokha injini ikamayenda komanso mukamaponda mabuleki. Mphamvu imene m'galimoto wamba imangotha ngati kutentha kwa mabuleki, muno imabwerera m'batire. Mukaima pa mdipiti wa galimoto m'mawa, injini imazima, ndipo mukayamba kusuntha pang'onopang'ono imakukankhani ndi mota ya magetsi. N'chifukwa chake phindu lalikulu limaoneka m'tauni, momwe mumaima ndi kunyamuka kambirimbiri. Pa msewu wa M1, mukathamanga makilomita 100 pa ola kwa nthawi yayitali, injini ndi imene imagwira ntchito pafupifupi yonse, ndipo kusiyana kwake ndi galimoto yaing'ono ya petulo kumachepa.

Ogulitsa adzakuonetsani manambala okoma. Pa muyeso wa ku Japan wotchedwa JC08, Vezel ya hybrid yomwe inatuluka mu 2013 inalembedwa kuti imayenda makilomita 27 pa lita imodzi, ndipo C-HR ya mu 2016 makilomita 30.2. Muyeso umenewo ankauchitira m'nyumba yoyesera galimoto, mopanda maenje, mopanda katundu, ndiponso choziziritsa mpweya chili chozima. Musaike manambala amenewa mu bajeti yanu. Tiyerekeze kuti yanu yakaleyo imayenda makilomita 12 pa lita, ndipo hybrid ikupatsani 20. Pa makilomita 1,500, yakaleyo ikufuna malita 125, pamene hybrid ikufuna 75. Mwapulumutsa malita 50 pa mwezi, omwe ndi 600 pa chaka. Ndawerengera m'malita dala, popeza mtengo wa mafuta umasintha a MERA akalengeza. Inu chulukitsani malitawo ndi mtengo wa lero. Kenako tengani ndalama imene hybrid yaposa nayo galimoto ya petulo yofanana nayo, muigawe ndi zimene mukupulumutsa pa mwezi. Yankho lake ndi miyezi imene galimotoyo idzatenge kuti ibweze ndalama yowonjezerayo. Ikapitirira zaka zitatu, makamaka ngati mukugula ndi ngongole ya chiwongoladzanja, ine sindingakulimbikitseni.

Palinso phindu lina lomwe silioneka m'buku la ndalama koma wa bizinesi ngati yanu amalidziwa bwino. Mafuta akasowa, munthu wofuna malita 75 pa mwezi amaima pa mzere kochepa kuposa wofuna 125, ndipo tsiku lomwe simunagone pa malo omwetsera mafuta ndi tsiku lomwe nsima yafika ku ofesi ikadali yotentha. Chenjezo ndi lakuti musamayendetse hybrid mpaka mafuta kutheratu poganiza kuti magetsi akufikitsani. Batire lake limangokwanira kamtunda kochepa, ndipo likaphwa kwambiri galimoto imakana kuyaka, mpaka pafunike makaniko wokhala ndi zipangizo zapadera.

Tsopano batirelo. Magalimoto amene amalowa m'dziko muno kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi chipata cha Songwe amakhala atayenda kale zaka zingapo, ndipo batire limakalamba ndi zaka komanso kutentha. Silimafa tsiku limodzi ngati babu. Mumayamba kuona injini ikuyaka pafupipafupi, galimoto ikumwa mafuta ambiri, ndipo chizindikiro cha batire chikudzaza ndi kutsika mofulumira. Mdani wake wamkulu kuno kwathu ndi fumbi. Batire limaziziritsidwa ndi kafani komwe kamakoka mpweya wa m'kati mwa galimoto kudzera pa timabowo tomwe tili cha ku mpando wa kumbuyo. Ndaonapo galimoto ya wamalonda wina itatsamiziridwa thumba la ufa pa timabowo timeneti, ndipo makaniko atatsegula anapeza kafani katamatidwa fumbi lofiira ndi ulusi wa masaka, lokhuthala ngati bulangete. Inu amene mudzanyamule nyemba za ku Ntchisi, katundu azikhala ku buti, ndipo kafaniko kazitsukidwa nthawi ya sevisi, makamaka m'miyezi ya fumbi kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa.

Malangizo anga pa mantha a bambo ndi awa: theka la ndalama imene mukupulumutsa pa mafuta muziisunga padera mwezi uliwonse, mu akaunti yomwe simutapamo zogulira mafuta ophikira. Batire limagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo tonse tikukumbuka momwe mitengo ya zipangizo inakwerera kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Funsiranitu mtengo wa batire la galimoto imene mwasankhayo musanalipire, kuti mudziwe mulingo womwe mukusungira.

Pakati pa ziwirizi, iliyonse ili ndi pomwe imaluma. C-HR imagwiritsa ntchito injini ya 1.8 ndi makina a hybrid a mtundu wa Prius, omwe kampani ya Toyota yakhala ikuwakonza kuchokera mu 1997. Alibe kilatchi, ndipo amapirira kuyenda mokwawa tsiku ndi tsiku. Vuto lake ndi lakuti ndi yofupika pansi, pafupifupi masentimita 14, ndipo buti lake ndi lopanikiza moti mapoto akuluakulu ndi mabokosi a chakudya angakuvuteni. Dzina lakuti SUV, lomwe amapatsa magalimoto okwera m'mwamba, lisakunyengeni. Pa msewu wa dothi wokumbika ndi mvula idzakhula mimba ngati galimoto wamba. Vezel ndi yokwererapo, masentimita 18 ndi theka, ndipo mipando yake ya kumbuyo imapindika mpaka pansi, zomwe ndi zabwino kwa wonyamula katundu. Koma Vezel ya hybrid yopangidwa chisanafike chaka cha 2021 ili ndi giyabokosi ya makilatchi awiri ouma, yomwe imatentha mukamakwawa nthawi yayitali pa mdipiti kapena pa chitunda, ndipo mu 2014 kampani ya Honda inaitanitsa magalimotowa ku Japan kuti ikakonze pulogalamu yoyendetsa giyabokosiyo. Mtundu wa 2021 unasintha makina onsewa, ngakhale mtengo wake ndi wokwera.

Poti maulendo anu ambiri ndi a m'tauni, ine ndingatsamire ku makina a Toyota, ndipo ngati thumba likulola muonenso Corolla Cross ya hybrid, yomwe imapangidwanso ku Durban kuyambira mu 2021 ndipo ili ndi malo okwanira katundu. Mukasankha Vezel chifukwa cha msewu wa kumudzi, pezani kaye makaniko amene amaidziwa giyabokosi imeneyi, ndipo mumufunse kuti wakonzapo zingati.

Musanatumize ndalama ku Japan, funsani wochotsa katundu pa chipata akuwerengereni msonkho wonse wa MRA, chifukwa umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndipo yotchipa chifukwa cha ukalamba ingathe kudzadula pa msonkho. Pemphani pepala la ku okushoni losonyeza makilomita enieni. Ikangofika, makaniko aiike pa kompyuta kuti aone mphamvu ya zigawo za batire, athire oyilo wopyapyala amene buku lake likunena, ndipo aonenso kabatire kakang'ono ka mavoti 12, komwe kakafooka galimoto siyaka ngakhale batire lalikulu lili bwino. Zambiri mwa galimoto zimenezi zimabwera zopanda tayala la sipeya, zimangokhala ndi kabotolo komatira pankichala ndi kapampu. Muikiretu pa bajeti tayala, limu ndi jeke musanayambe ulendo woyamba wa ku Ntchisi.