Musanagule masipika, werengani Maloweruka

Funso: Alangizi, ndimagwira ntchito yophika mu lesitilanti ina kuno ku Johannesburg, ndimakhala ku Rosettenville. M'zaka zinayi ndasunga R60,000. Ndikuona kuti kumudzi zamasangalalo zikukula, sabata iliyonse pa Facebook pali shoo, ukwati kapena chinkhoswe. Ndikufuna kugula masipika, ampu, mikisa ndi jenereta nditumize ku Lilongwe kuti mng'ono wanga azibwereketsa. Iyeyo ndi DJ kale, ku Area 25 amamudziwa. Kuti ndigule seti yaikulu yaperewera R25,000, ndiye pali mashonisa (wakatapila wa kuno) wina wati andibwereka. Ndigule masipika a mtundu wanji, nanga ngongoleyi nditenge?

Yankho: Achimwene, kalata yanuyi ndaiwerenga kambirimbiri, imangosintha tauni. Wina amati Mzuzu, wina Zomba, wina Balaka, koma mng'ono amakhalapo ndithu, ndipo nthawi zonse amakhala "DJ kale". Za masipika ndikuyankhani kumapeto chifukwa ndi nkhani yaing'ono. Munayenera kufunsa kuti: pa chaka seti yanga idzagwira Maloweruka angati olipidwa, ndipo ndalamayo idzafikira m'manja mwa ndani?

Zoti zamasangalalo zikukula simunaname. Taonani zikondwerero zazikulu za nyimbo: Lake of Stars inayamba mu 2004, Sand Music Festival mu 2010, Tumaini ya ku Dzaleka mu 2014. Ukwati umene kale unkatha ndi ng'oma ndi wailesi ya kaseti, lero uli ndi chinkhoswe, bridal shower, send-off, kenako tsiku lenilenilo, ndipo ponseponse pakufunika mayikolofoni. Koma dziko lathu ndi laling'ono m'thumba. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni, ndipo oposa 8 mwa 10 alionse amakhala kumudzi, kumene ndalama imaoneka akagulitsa fodya, soya kapena mtedza. Otha kugula tikiti ndi kagulu komweko ka ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Amene wavina ku BICC, holo yaikulu ya ku Lilongwe, Lachisanu ndi yemweyo akudikiridwa kunyanja mwezi wamawa, malipiro ake ndi amodzi. Chinanso, shoo zazikulu mukuzionazo sizidzabwereka seti ya R60,000. Zimaitana makampani okhala ndi lole yodzaza zipangizo, siteji ndi magetsi akeake. Msika wanu ndi wa pansi pa tenti ndi mu holo ya sukulu: maukwati, zinkhoswe, misonkhano ya mpingo, maphwando a ana. Ndipo kumeneko simuli nokha, pakuti anzanu a ku Turffontein ndi ku Yeoville anatumiza kale maseti ofanana ndi yanuyo, nawonso kwa ang'ono awo. Ndi chifukwa chake mtengo wobwereketsa sukwera monga ukwerera shuga.

Tsono tiwerenge. Katundu amene mudzagulitse si phokoso ayi, ndi Loweruka. Chaka chili ndi Maloweruka 52. Kuyambira Januwale mpaka kumayambiriro kwa Epulo kuli mvula, njala ndi fizi, maukwati amasowa. Chotsani 14, atsala 38. Mwa amenewa ena foni siidzalira, wina watsitsa mtengo, mwezi uli pakati, chotsaninso 14. Mwatsala ndi 24. Amenewo ndiwo matumba a chimanga ali m'nkhokwe mwanu, ndipo Loweruka likapita silibwerera.

Tiwerengere mu marandi popeza thukuta lanu latuluka mu marandi. Manambalawa ndi ongoyerekeza, mng'ono wanu akupatseni mitengo yeniyeni ya ku Area 25 muikemo. Tinene kuti tsiku limodzi mukulipiritsa makwacha ofanana ndi R2,000. Mafuta a jenereta, galimoto yonyamula popita ndi pobwera, anyamata awiri onyamula ndi kangachepe ka DJ, zonse R900. Yotsala R1,100. Maloweruka onse 24 atalipidwa ndi R26,400. Chotsanipo R4,000 ya zokonzetsa, mwatsala ndi R22,400, ndipo R60,000 yanu yabwerera zaka zitatu zisanakwane. Si bizinesi yolemeretsa, koma ndi bizinesi.

Apa ndiye pamene aliyense amagwera. Mwana wa azakhali akukwatiwa mu Ogasiti. Abusa akufuna seti pa msonkhano wa chitsitsimutso. Alamu anu ali mu komiti ya ukwati wa mnzawo wa kuntchito ndipo alonjeza kale kuti "za nyimbo musadandaule, kwathu zilipo". Mng'ono wanu naye ali ndi anzake, ali ndi chibwenzi chimene mchemwali wake akuchita bridal shower. Palibe mwa anthu amenewa amene adzapemphe Lachiwiri la mu Febuluwale. Onse adzafuna Loweruka la mu Ogasiti, Seputembala, Okutobala kapena Disembala, masiku enieni amene mlendo akanalipira osanenerera. Tinene kuti apita Maloweruka 8 otere. Olipidwa atsala 16, ndiye R17,600. Koma 8 aulere aja sanali aulere kwa inu: jenereta inamwa mafuta, galimoto inalipidwa, anyamata anadya. R900 kuchulukitsa ka 8 ndi R7,200 yotuluka m'thumba mwanu. Chotsaninso R4,000 ya zokonzetsa ija. Mwatsala ndi R6,400 pa chaka. Kuti R60,000 ibwerere pafunika zaka zoposa 9, ndipo palibe sipika yonyamulidwa pa pikapu m'misewu ya fumbi imene ingakhale moyo zaka 9. Bizinesi yomweyo, masipika omwewo, DJ yemweyo, kusiyana kwake ndi mawu oti "ndi wachibale".

Sindikuti mudane ndi abale. Chibale ndi fupa, sichiola, ndipo tsiku lina mudzabwerera kwanu, mudzawafuna. Ndikuti muike malamulo katundu asanakwere basi, chifukwa akafika mochedwa lamulo limaoneka ngati mwano. Wachibale alipire theka la mtengo kuphatikiza mafuta ndi galimoto, ndalama patsogolo. Akafuna zaulere asankhe tsiku la pakati pa sabata kapena nyengo ya mvula. Maliro a pabanja musalipiritse, mungadzitengere mbiri yoipa kwa moyo wonse, koma apereke mafuta, ndipo zilembedwe m'buku monga zina zonse. Malamulowa muwanene pamaso pa amalume kapena mayi, pa foni ya gulu ngati kuli kofunika, kuti mng'ono wanu akhale ndi pobisala. Iyeyo sangathe kukaniza azakhali maso ndi maso, ndi mwana. Koma angathe kunena kuti "eni ake ali ku Joni anakaniza, aimbireni okha". Khalani inu woipa wa patali, ndi udindo wa mwini ndalama umenewo.

Ndiye buku. Ndikati buku sindikunena za kukumbukira kwa mng'ono wanu kapena mavoisi a pa WhatsApp oti "zikuyenda bwino achimwene". Ndikunena kope lachikuto cholimba, lolembedwa ndi bolopeni, mizere yake iyi: tsiku, dzina la wobwereka ndi nambala yake, malo, mtengo wogwirizana, dipoziti, yotsala, malita a mafuta, galimoto, anyamata, chimene chawonongeka. Lamulungu lililonse madzulo ajambule tsambalo akutumizireni, kaya kunali ntchito kaya kunalibe. Tsamba lopanda kanthu nalonso ndi uthenga. Pakhale buku la malisiti la kaboni, manambala otsatana, kuti lisiti likadumpha mufunse. Ndalama zisalowe mu foni yake ya masiku onse, mmene mumadutsa mayunitsi, ndiwo ndi kubetcha mpira. Mutsegule laini yapadera ya Airtel Money kapena Mpamba ya bizinesi yokha, ndipo kutha kwa mwezi muone mndandanda wa zolowa ndi zotuluka, muufananize ndi kope lija.

Ndipo gulani kamita kowerenga maola, komangirira pa jenereta, ngati jenereta yake ilibe kale. Ndi kotsika mtengo. Ukwati umodzi jenereta imalira maola 8, mwina 10. Buku likanena kuti mwezi uno kunali maukwati awiri, mita n'kuonetsa maola 45, ndiye kuti seti yanu inapita kwina kumene inu simunaitanidwe. ESCOM ikakhala kuti sinazimitse, maola amachepa, sachuluka. Sindikuti mng'ono wanu ndi wakuba. Ndikuti munthu amene akugwira ntchito yopanda malipiro odziwika amadzilipira yekha, ndipo mumtima mwake saona kuti walakwa. Choncho mulipireni poyera: gawo limodzi mwa magawo anayi a yotsala pa tsiku lililonse lolipidwa, kapena mtengo wokhazikika pa ntchito iliyonse, zolembedwa, zosainidwa. Akamadya pa tsiku lolipidwa lokha, adzayamba yekha kudana ndi masiku aulere.

Za makomiti a ukwati. Adzati "yotsalayo tikupatsani perekaniperekani akatha". Musalole. Ndalama za m'lichero zikawerengedwa, oyamba kulandira ndi a holo, ophika, okongoletsa ndi a galimoto, pakuti amenewo agwira kanthu kawo m'manja. Wa masipika nyimbo zake zatha kale, alibe chogwira, amauzidwa kuti abwere Lolemba, ndipo Lolembalo tcheyamani wa komiti foni yake siipezeka. Fodya ndi uyu ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Theka polembetsa tsiku, theka linalo ampu isanayatsidwe.

Ngongole ya mashonisa ndiyankha mwachidule chifukwa siyofunika kukambirana: ayi. Katapila ndi katapila ngakhale atavala dzina la Chizulu. Tinene kuti akukubwerekani pa 30 peresenti pa mwezi, ndipo ambiri safika pansi pa apo. Pa R25,000 ndiye R7,500 mwezi uliwonse ya chiwongoladzanja chokha. Bizinesi yanu ikayenda bwino kwambiri ikupanga pafupifupi R1,900 pa mwezi. Wobweza ngongoleyo ndi malipiro anu a ku lesitilanti, ndipo pasipoti kapena khadi lanu la ku banki lili m'kabati mwa munthu. Onjezani apa kuti ngongole ili mu marandi pamene ndalama ikulowa mu makwacha. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, dola imene inali pafupifupi K1,180 n'kufika pa K1,700 usiku umodzi. Kodi mtengo wobwereketsa seti ku Area 25 unakwera usiku womwewo? Komiti ya ukwati imadziwa mtengo wa chaka chatha basi. Ngati mukufunadi kuwonjezera, lowani chipereganyu ndi anzanu odalirika, mudikire mwezi wanu.

Komanso R60,000 yonseyo si ya kusitolo. Katundu ayenera kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete, n'kulowa pa Mwanza kapena pa Dedza, ndipo pamenepo a MRA akufuna msonkho wawo. Funsani kwa ejenti wa pachipata kuti zipangizo zotere zimalipira zingati musanagule, osati katundu atafika kale. Malisiti a sitolo asungeni, chifukwa popanda lisiti mtengo amauika okha. Wonyamula mugwirizane naye polemba ngati mtengo wake ukuphatikiza msonkho kapena ayi, ndipo mulembe manambala a kumbuyo kwa chipangizo chilichonse musanapereke. Laisensi ya COSOMA nayo ikhale pa bajeti, poti nyimbo zoimbidwa pagulu zili ndi eni. Mukachotsa zonsezi, ya zipangizo ndi jenereta ikatsala R45,000 muthokoze.

Tsopano masipika anu aja. Dzina la kampani silikupulumutsani, choncho sinditchula. Gulani masipika opanda ampu m'kati, awiri a mainchesi 15 a pamwamba ndi awiri a mainchesi 18 a besi, ampu zake zapadera, mikisa yaing'ono ya matchanelo 8, mayikolofoni awiri opanda waya ndi imodzi ya waya yodikirira tsiku limene mabatire adzathe pakati pa malumbiro. Sipika yokhala ndi ampu m'kati ndi yopepuka kulumikiza, koma bodi yake ikapsa imakhala pakona miyezi kudikira sipeya kuchokera kuno. Yopanda ampu ikapsa koyilo, amisiri a ku Lilongwe amaikulunganso.

Ndipo zimapsa pa zifukwa zodziwika. Ampu yaing'ono ikakankhidwa mpaka timagetsi tofiira tiziyaka osazima, mawu amaphwanyika, koyilo imatentha. MC akaima kutsogolo kwa sipika ndi mayikolofoni, kulira kwa tswii kuja kumawotcha twita, kasipika ka mawu opyapyala, m'masekondi ochepa. Anyamata akalumikiza masipika ambiri pa tchanelo imodzi mpaka kutsika pansi pa ma ohm 4 pa ampu yosapangidwira zimenezo, ampu imatentha n'kufa. Jenereta ikamatha mafuta imatsokomola, magetsi amakwera ndi kutsika, ndipo ndi pamene mikisa imapita. Gulani ya 5 kVA kapena kuposa, yokhala ndi AVR, kachipangizo koletsa magetsi kukwera ndi kutsika, ndipo wina aziyang'ana thanki. Ampu iziyatsidwa pomaliza, izizimitsidwa poyamba. Zimenezi zilembedwe pa pepala, limatidwe pa bokosi la ampu. R4,000 ya zokonzetsa ija musaisunge mu makwacha. Muzigula kuno ma diaphragm a twita (kachiwalo kam'kati kamene kamapsa), mafyuzi ndi majaki, muzitumiza ndi anthu opita kumudzi.

Kanthu kena kamene kamaiwalika mpaka m'mawa wa ukwati woyamba: mapulagi a kuno ndi a mano atatu ozungulira, masoketi a kwathu ndi a mano atatu a makona. Musadalire tiadaputa ta pamsika, timatentha n'kusungunuka ampu ikamakoka. Dulani mapulagi onse muike a kwathu a fyuzi ya 13 amp, kapena tumizani ndi bokosi la masoketi a kuno lolumikizidwa ku waya umodzi wokhuthala, wotalika mamita 30, chifukwa jenereta iyenera kukhala kuseri kwa holo kumene alendo sakuimva.